Mwana wanga wa Fomu 3 wayamba kubetcha: kodi ndimutumize kumudzi kwa amalume ake?

NaPhiri wa ku Area 25 analemba kuti:

Makolo anzanga, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata awiri tsopano, ndipo ndikupempha amene munakumanapo ndi zotere kuti mundithandize nzeru. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka. Bambo a anawa anamwalira zaka zisanu zapitazo, choncho chilichonse cha pakhomo, kuyambira lendi mpaka sopo, chimayang'ana ine. Mwana wanga wachisamba ndi mnyamata wa zaka 16, ali Fomu 3 pasukulu ina yoyendera, ndipo mpaka posachedwapa ndinkamudziwa ngati mwana wofatsa, wosayendayenda, amene ndikamutuma sanyinyirika.

Chilowereni Fomu 3 ndakhala ndikumupatsa K15,000 mwezi uliwonse kuti azikapereka kwa aphunzitsi ena amene amaphunzitsa masamu madzulo, maphunziro aja ana amati patitayimu. Tsiku lina ndinakumana ndi aphunzitsiwo pasiteji ya minibasi, ndipo nditawathokoza chifukwa cha ntchito imene akugwira pa mwana wanga, iwo anandiyang'ana modabwa n'kundiuza kuti mnyamatayo anasiya kubwera miyezi itatu yapitayo, ndipo potsanzika ananena kuti bizinesi ya amayi ake sikuyenda. Ndinangoti kakasi, kusowa choyankha.

Nditafika kunyumba sindinamufunse kanthu. Ndinadikira kuti apite kukasamba, n'kutsegula chikwama chake cha mabuku. Kumapeto kwa kope la Bayoloje ndinapeza masamba anayi odzaza ndi mayina a matimu a mpira a ku England ndi ku Spain, pambali pa dzina lililonse pali manambala ngati 1.85 ndi 2.40, ena atawachonga, ambiri atawakhwatcha ndi cholembera chofiira. Mufoni yake, imene ndinamugulira movutikira chifukwa aphunzitsi amatumiza manotsi ndi mapepala a mayeso akale pagulu la WhatsApp la kalasi yawo, munali mauthenga ambirimbiri osonyeza ndalama zikutuluka, pano K500, apo K300, apo K1,000, ndipo ena anafika 1 koloko usiku, nthawi imene ine ndinkaona kuwala kuchipinda kwake n'kumathokoza Mulungu kuti mwana wanga akuwerenga.

Nditamufunsa sanakane. Anagwada pansi akulira, n'kunena kuti ankafuna kuwina ndalama yambiri kamodzi kuti andigulire belo ya kaunjika, popeza amandimva ndikudandaula kuti chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 mpamba wanga sukukwaniranso belo yathunthu. Anaululanso kuti ali ndi ngongole ya K12,000 kwa mnyamata wina wa kabaza, komanso kuti kawiri konse anachotsako ndalama mufoni yanga, chifukwa pini amaidziwa popeza ndimamutuma kwa ejenti ndikakhala ndatopa.

Alongo anga aakulu, amene ndi eni mbumba kwathu ku Bembeke m'boma la Dedza, nditawaimbira anangoti, "Umutumize kuno, adzagwire khasu m'munda wa kachewere, adzaone mmene ndalama imapezekera." Mtima wina ukundiuza kuti akunena zoona, wina ukukana chifukwa chaka chamawa akulemba mayeso a MSCE. Kodi ndimutumize? Ngati sindimutumiza, foniyo ndimulande, pamene za kusukulu zikudzera momwemo?

Mphunzitsi Wopuma wa ku Ntcheu anayankha kuti:

Mayi NaPhiri, pepani ndi zimene mwakumana nazo. Ndinaphunzitsa masamu m'sukulu za sekondale kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikupemphani kuti musamusamutse mwanayu pakati pa Fomu 3. Mafunso amene bungwe la MANEB limafunsa pa MSCE amachokera mu ntchito ya Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo mwana amene wasintha sukulu pakati pa chaka amapeza kuti anzake anatsiriza kale mitu imene iye sanaiyambe, pamene imene iye anaphunzira kale akuibwereza. Pamwamba pa zimenezi wataya kale miyezi itatu ya masamu. Ngati mukulakalaka kuti adzapeze malo ku yunivesite ya boma, afunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo makirediti amenewo akonzedwa chaka chino, osati chaka chamawa. Musaiwalenso kuti netiweki inafika ku Bembeke, ndipo pamalo ochitira malonda aliwonse pali ejenti, choncho chimene mukuthawa mu Lilongwe akachipeza chikumudikira kumeneko, inu muli kutali.

Chimene ndaona m'nkhani yanu n'chakuti mwanayu si wakuba wozolowera, koma wanamizidwa ndi masamu amene sakuwamvetsa, ndipo masamu omwewo angathe kumutsegula maso. Mumupemphe abweretse kope la Bayoloje lija, mukhale naye pansi pamodzi ndi aphunzitsi ake a patitayimu, awerengetse yekha zotsatirazi. Tiyerekeze kuti pali masewera amene mbali zonse ziwiri zili ndi mwayi wofanana, ngati mmene zimakhalira poponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Kukanakhala kuti palibe wodyerapo, woika K1,000 akanalandira K2,000 akalosera molondola. Koma kampani imalemba 1.85 mbali zonse ziwiri. Ikalandira K1,000 kwa munthu uyu ndi K1,000 kwa uyo, yatolera K2,000, imapereka K1,850 kwa wopambana, n'kutsala ndi K150 m'thumba mwake, kaya yapambana mbali iti. Kampaniyo ilibe timu imene imasapota, ndipo siluza tulo Loweruka usiku.

Anyamata athu sakhutira ndi masewera amodzi, amalumikiza masewera 10 patikiti imodzi kuti K100 ibale ndalama yooneka. Ngati masewera aliwonse ali ndi mwayi wa theka, mwayi wolondola onse 10 ndi umodzi pa 1,024. Tikiti yotereyi, pa mtengo uja wa 1.85, imalonjeza pafupifupi K47,000 pa K100, pamene mtengo wake woona ukanakhala K102,400. Ndiye kuti akamachulukitsa masewera patikiti, gawo limene kampani ikumudyera likukulirakulira, iye akuganiza kuti wachenjera. Mwana wa Fomu 3 angathe kuwerengetsa zimenezi papepala, ndipo akaziona ndi dzanja lake zimamulowa kuposa ulaliki wa ife akuluakulu. Kenako aphatikize mauthenga onse a mufoni, mbali ina zotuluka, mbali ina zolowa, akuuzeni yekha chiwerengero chotsala.

Pomaliza ndikukumbutseni za lamulo. Malamulo aakulu a dziko lino atasinthidwa mu 2017, aliyense amene sanakwanitse zaka 18 ndi mwana, ndipo mwana saloledwa kutchova njuga yamtundu uliwonse. Bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, limene linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la 2022, ndilo limayang'anira makampani obetchetsa, choncho ngati pali malo amene amamulandira ndalama akuona kuti wavala yunifolomu, muli ndi kokadandaula. Za foni, ine ndikanati aziigwiritsa ntchito pabalaza inu mukuona, ndipo ikakwana 8 koloko usiku izigona kuchipinda kwanu.

Malume wa ku Mitundu anayankha kuti:

Aphunzitsi alankhula zanzeru, ndipo masamu awo sindingawatsutse, koma ndikusiyana nawo pa nkhani ya amalume. Ine ndikulera ana awiri a mlongo wanga kuno ku Mitundu, mmodzi anabwera atayamba kale kusuta chamba ku Chinsapo, choncho zimene ndikunena ndinaziona ndi maso.

Chemwali NaPhiri, werenganinso nkhani yanu bwinobwino, muone anthu aakulu amene ankadziwa chimene mwana wanu akuchita. Ejenti amene ankamulandira ndalama zing'onozing'ono tsiku ndi tsiku ankadziwa. Wakabaza amene anamubwereka K12,000 ankadziwa kuti mwana wasukulu alibe malipiro, koma anamupatsa. Mwini malo oonetsera mpira, kumene mosakayikira amakhala Loweruka ndi Lamulungu, ankamuona akuyang'ana pafoni m'malo moyang'ana pakanema. Ngakhale aphunzitsi a patitayimu anatha miyezi itatu osakuimbirani, mpaka munachita kukumana nawo mwangozi pasiteji. Anthu anayi aakulu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzagogoda pakhomo panu. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma m'tauni mwambi umenewu unatsala pakamwa pokha, chifukwa aliyense amaona mwana wa mnzake ngati kasitomala. Kumudzi netiweki iliko, sindikukana, koma mwana wa mbumba ya a Phiri akaima kawiri pa ejenti, dzuwa lisanalowe amalume ake amakhala atamva.

Chachiwiri n'chakuti mnyamatayu akufuna kukhala bambo wa pakhomo, n'chifukwa chake akulota zokugulirani belo. Mtima umenewo ndi wabwino, koma palibe mwamuna wamkulu amene wamuonetsa mmene mwamuna amapezera ndalama. Kale mnyamata wa msinkhu umenewu ankagona kumphala, m'mawa n'kulawirira kumunda kapena kudimba ndi atsibweni ake, ndipo pofika zaka 16 amakhala ali ndi kamunda kakekake. Lero amaweruka masana, amayi ali kumsika mpaka madzulo, ndipo maola onsewo mlangizi wake ndi foni. Alongo anu sakufuna kumulanga chabe, akuchita udindo umene mwambo wathu unawapatsa pa ana anu, ndipo mukawakaniza lero, mawa likadzabuka vuto lalikulu kuposa ili adzakuuzani kuti ana anu mumalera nokha. Ine ndikuti apite, akalime mizere yake, akakumbe kachewere, akanyamule thumba pamutu mpaka pamsewu, ndipo ndalama imene apeze abweze yekha kwa wakabaza uja ndi kwa inu.

Mnyamata wa ku Ndirande anayankha kuti:

Amayi, ndiloleni ndiyankhuleko ngakhale ndine mwana pakati pa akuluakulu. Ndili ndi zaka 24, ndinayamba kubetcha ndili Fomu 2, ndipo ndinasiya zaka ziwiri zapitazo nditagulitsa laputopu ya achimwene anga n'kuwanamiza kuti yabedwa. Ndikufuna ndikuuzeni mmene zimaonekera kwa amene ali m'kati.

Chimene chimakola munthu si kuluza, koma tsiku loyamba limene anawina. Ine ndinaika K200 n'kulandira K9,000, ndipo tsiku limenelo ndinagulira anzanga tchipisi, ndinadziona ngati ndatulukira chinsinsi chimene makolo anga osauka sanachidziwe. Kuyambira pamenepo ndalama iliyonse imene inkadyedwa sindinkaiona ngati yapita, ndinkaiona ngati ndaisungitsa, ndipo ndikaitenga mawa. Tikiti ya masewera 10 ikafa chifukwa cha timu imodzi yokha, mutu umakuuza kuti unatsala pang'ono, pamene zoona zake n'zakuti waluza chimodzimodzi ndi amene analakwitsa onse. Masamu a aphunzitsi aja ndinkawadziwa, ndinakhoza bwino masamu pa MSCE, koma munthu amene ali ndi ngongole saganiza ndi masamu, amaganiza za nkhope ya amene akumulonjerera. Choncho ndikupemphani kuti ngongole ya wakabaza ithe msanga, musadikire. Pitani naye limodzi mwanayo, mukapereke ndalamayo pamaso pake, mumuuze wakabazayo kuti akadzamubwerekanso yake yapita, kenako mwanayo azikubwezerani inu pang'onopang'ono pogwira ntchito kumsika Loweruka. Ngongole ya kwa amayi siimukankhira munthu kukabetcha ngati ngongole ya kwa munthu wakunja.

Mwanena kuti mauthenga ena anafika 1 koloko usiku. Mumufunse ngati ndi mpira wokha, chifukwa ine nthawi ngati imeneyo ndinkakhala ndili pa masewera aja timati kandege. Kandegeko kamanyamuka, nambala n'kumakwera, ndipo uyenera kutulutsa ndalama yako kasanathawe. Ulendo umodzi umatha m'kanthawi kochepa kwambiri, wina n'kuyamba pomwepo, choncho ndalama imene pa mpira ikanatha sabata yonse imatha usanamalize kumwa kapu ya tiyi. Ngati wafika pamenepo, vuto ndi lalikulu kuposa mmene kope la Bayoloje likuonetsera.

Kulanda foni kokha sikunandithandize ine. Bambo anga atandilanda, ndinkapereka ndalama kwa mnzanga kuti andiikire, ndipo akaunti yanga yoyamba ndinatsegula ndi nambala ya achimwene anga. Dziwaninso kuti pa zaka 16 munthu amalandira chiphaso cha unzika, ndipo nacho angathe kulembetsa simu yakeyake inu osadziwa. Chimene chinathandiza n'kutseka njira ya ndalama. Sinthani pini lero lomwe, musamutumenso kwa ejenti, fizi ndi ya patitayimu muzitumiza nokha kwa aphunzitsi, ndipo ya thiransipoti muzimupatsa ya tsiku limodzi lokha.

Chinthu china ndikuchinena ndi mantha. Tsiku limene achimwene anga anatulukira za laputopu, nkhani inafalikira kwa achibale onse ndi kutchalitchi komwe, ndipo manyazi anandifikitsa poganiza zoipa pa moyo wanga. Musamuyalutse kwa anthu ambiri, ndipo mukaona kuti wasiya kudya, akudzitsekera kuchipinda, kapena akulankhula ngati akutsanzika, musazengereze. Pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, imene bungwe la YONECO limayendetsa, ndipo iye mwini angathe kuimba n'kulankhula ndi mlangizi popanda inu kumva.

NaBanda wa ku Johannesburg anayankha kuti:

Ine ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg, ana anga ali ndi agogo awo ku Mangochi, ndipo ndinaphunzira mochedwa kuti ndalama ya sukulu siyenera kudzera m'manja mwa mwana, ngakhale akhale wofatsa chotani. Koma ndikufuna tisamangoloza ana chala. Pawailesi mpira usanayambe timamva zotsatsa za kubetcha, m'minibasi abambo amafunsana kuti tikiti yalowa kapena ayi ana akumva, ndipo ndikudziwa amayi ena a banki mkhonde amene amabetcha ndalama ya gulu. Achemwali, ku Bembeke ine sindinganene kuti apite kapena asapite, koma agogo a ana anga amandibisira zambiri poopa kuti ndidandaula, ndipo mwana akakhala kutali umamva nkhani itapsa kale.

NaPhiri wa ku Area 25 anabweranso n'kulemba kuti:

Zikomo nonse, ndawerenga mayankho anu kangapo. Pini ndasintha, ndipo Lachiwiri tinapita limodzi kwa wakabaza uja. Ndalama inali itakwera kufika K15,000 chifukwa anaikapo chiwongoladzanja ngati katapila, zimene mwana wanga anandibisira. Ndinalipira K12,000 yokha pamaso pa anzake a pasiteji, ndipo iwo anamudzudzula mnzawoyo mpaka anavomera. Mwana wanga wa ku Ndirande, unalondola, kandegeko kanalipo, ndipo titaphatikiza mauthenga monga ananenera aphunzitsi tinapeza kuti zotuluka zinali K71,300, zolowa K18,900. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali osalankhula, kenako anafunsa ngati angabwereze kuwerengetsa, ndipo chiwerengero chinatuluka chomwecho.

Ndaganiza kuti amalize chaka pasukulu yake, ndipo ku Bembeke apite pa holide yokha. Loweruka lapitali anali nane kumsika, ankaitanira makasitomala ndi kupinda zovala, ndipo madzulo ndinalemba K2,000 m'kope kuti yachotsedwa pangongole yake. Koma a Malume a ku Mitundu, zimene munanena zachitika. Alongo anga nditawafotokozera, anangoti, "Chabwino, popeza mwanayo ndi wako," n'kudula foni, ndipo kuyambira tsiku limenelo sakuyankha ndikawaimbira. Ndikuganiza zokwera basi Lamulungu likubwerali kuti ndikalankhule nawo pamaso, nditanyamula shuga ndi sopo, koma sindikudziwa ngati ndipite ndi mwanayo kapena ndiyambe ndapita ndekha. Amene mumadziwa mitima ya eni mbumba, ndiuzeni.

Usiku wa Loweruka lomwelo foni inagona kuchipinda kwanga. Cha m'ma 9 koloko kunamveka chiphokoso kumalo oonetsera mpira kuseri kwa nyumba yathu, anthu akukuwa kuti chigoli chalowa, ndipo ndinamva bedi lake likulira kuchipinda kwinako, kenako chitseko chikutseguka pang'onopang'ono. Anaima pakhomo la chipinda changa kwa kanthawi, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, mungangondionerako kuti yagoletsa ndi timu iti?" Ndinamuuza kuti akagone, ndipo mpaka pano ndikudzifunsa ngati ankafunsa ngati mwana wokonda mpira, kapena pali tikiti ina imene mnzake anamuikira.